Mmisiri amene anaika kompyuta yamoyo m'bokosi

Panali munthu wina wokhoma mabokosi a maliro. Ee, a maliro. Musayang'ane kumbali, nonsenu mudzamufuna tsiku lina, ndipo tsiku limenelo sadzakufunsani mtundu umene mumakonda.

Munthuyu anali mmisiri weniweni. Zaka makumi atatu akupala matabwa m'shedi yake ya m'mbali mwa msewu, palibe amene anabwezapo bokosi lake. Iye ankanyadira zimenezi, ngakhale tonse tikudziwa kuti ogonamo sabwera kudzadandaula. Akalumikiza matabwa awiri, nyerere inkazungulira tsiku lonse osapeza polowera. Akatseka chivundikiro, mpweya wa m'kati unkatsala m'kati, wa kunja n'kutsala kunja. Wogula akabwera, ankamupatsa lezala kuti ayese kulilowetsa polumikizira matabwa. Lezala linkakana, mmisiri n'kumwetulira, wofedwa n'kutulutsa ndalama.

Anali ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, telala wa pamsika. Anthu awiriwa ankakondana kuposa ana a mimba imodzi. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, telala ankakwera njinga n'kudzacheza kwa mlamu wakeyo mpaka dzuwa kupendeka. Ankanyozana monga amachitira alamu. Telala ankati, "Ine ndi alamu anga ntchito yathu ndi imodzi, timayeza anthu. Kungoti anga amabweranso." Mmisiri ankati, "Amabweranso chifukwa thalauza lang'ambika." Zaka makumi awiri akunena nthabwala yomweyi, ndipo zaka makumi awiri akuiseka.

Tsiku lina mwana wamkazi wa mmisiri, dzina lake Yankho, amene ankagwira ntchito mumzinda, anabwera ndi kompyuta yakale imene ku ofesi kwawo anali atatopa nayo. Zakale zija, za thunthu lachitsulo loima palokha pansi, sikirini ili payokha patebulo. Anati bambo ake azisungamo zithunzi za mabokosi zoonetsa ogula. Zithunzi zinalowamo zitatu. Chachinayi sichinalowe, chifukwa mmisiri anatulukira kuti m'katimo munali gemu ya mpikisano wa magalimoto, yokalamba ngati kompyutayo.

Munthu woti sanagwirepo chiwongolero chibadwire anasanduka dalaivala m'mlungu umodzi. Mlamu wake atabwera, nayenso anakodwa. Thabwa la bawo analikankhira kunsi kwa bedi.

Gemuyi inali yoyendetsa mmodzimmodzi. Munthu ankayenda ulendo wake wonse, mphindi ngati makumi awiri, kudutsa m'mapiri, pamlatho, m'nkhalango, kompyuta n'kulemba nthawi yake. Kenako mnzake ankakhala pampando n'kuyenda msewu womwewo. Wofika msanga ndiye wapambana. Wogonja ankatsuka makapu a tiyi pakhonde, poyera, amayi a nyumba zoyandikana akuona.

Tsono gwirani ichi, inu akumbuyo inu, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Pakhomo pa mmisiri mlendo ndiye ankayamba. Madzi osamba m'manja ankayambira kwa mlendo, ndiwo ankayamba kutapa ndi mlendo, ndiye pa gemu napo woyamba anali mlendo. Mmisiri ankati umenewo ndi ulemu umene anamuphunzitsa malemu bambo ake. Zoona. Koma ankakondanso kuyenda pambuyo, atadziwa kale nthawi yoti aiphwanye.

Chaka chathunthu telala ankatsuka makapu. Anafika podziwa kapu iliyonse pamene inabenthuka.

Kenako inafika nyengo yotentha, ija ya fumbi lolowa ndi m'mano momwe. M'mawa wina mmisiri anawerama n'kuona thunthu la kompyuta lili pasimenti, latuwa ndi fumbi ndi utuchi. Zinamukhudza mtima. Anachita manyazi. Iye, munthu wokhomera mabokosi okongola anthu oti sakuwadziwa n'komwe, chinthu chomupatsa ulemerero Lamulungu lililonse n'kumakhala pansi chopanda chofunda? Anatenga tepi n'kuiyeza kompyutayo mulitali, mulifupi ndi m'mapewa.

Anasankha mlombwa umene ankasungira anthu olemera. Anaupala masiku atatu. Ndipo poti manja amakhoma chimene anazolowera, bokosi linatuluka monga mukuganiziramo. M'kati anayalamo thonje lochindikala, pamwamba pa thonje nsalu yoyera yonyezimira, yopindapinda m'mbali. Kunja anapaka vanishi katatu, n'kuikako zogwirira zinayi zowala ngati golide. Kumbuyo anaboola kabowo kamodzi kodutsira mawaya, ndipo mawaya atadutsa anatseka mpata wotsala ndi thonje kuti fumbi lisaone njira. Kutsogolo anasiya kachitseko kakang'ono kopisira chala poyatsa. Chivundikiro anachimanga ndi masikuluwu khumi ndi awiri.

Mkazi wake anaima pakhomo n'kuliyang'ana bokosilo nthawi yaitali.

"Bambo a Yankho, kodi yatisiya?"

"Yapeza nyumba," anatero mmisiri. "Fumbi likalowa umu, ndisiya ntchito."

Fumbi silinalowe. Pamenepo sananame.

Lamulungu telala anafika, anaona bokosi, anavula chipewa n'kuweramitsa mutu. "Pepani alamu, uthenga sunatipeze." Anaseka onse awiri. Telala anakhala pampando monga mlendo, n'kuyenda ulendo wake bwinobwino, galimoto ikuyenda myaa kuchoka poyambira mpaka pomalizira. Nthawi yake inali ya masiku onse, yoti mmisiri akanaiphwanya akumwa tiyi.

Mmisiri anakhala pampando. Kona yoyamba anaikhota bwino. Yachiwiri bwino. Atafika pamlatho, gemu inayamba chibwibwi. Galimoto inkaima, kenako n'kudumpha, n'kuimanso. Akadina kuti akhotere kumanja, galimoto inkamva mochedwa ngati munthu woitanidwa ali kudimba. Pofika m'nkhalango, ankangoona mtengo uli kutali, kenako n'kuona galimoto yake itaukumbatira kale. Zapakati sankaziona.

Inu mukudziwa chimene chinkachitika, poti ndinakuphunzitsani, kapena ndinene kuti ndinayesa. Zimene timaona zikuyenda pa sikirini ndi zithunzi zotsatizana. Zikamatuluka makumi asanu ndi limodzi pa sekondi, diso limakhutira. Zikatsika kufika pa khumi, galimoto imayenda ngati chule. Mmisiri sankadziwa zimenezi. Chimene ankadziwa n'chakuti madzulo amenewo anagwada pakhonde ndi beseni, amayi a nyumba zoyandikana n'kutulutsa mipando.

Lolemba ataweruka anaiyatsa kompyuta kuti aone chavuta. Anayenda mphindi zisanu, galimoto myaa. Anaizimitsa. Lachitatu anayesanso mphindi zisanu, myaa. Anati basi, linali tsoka la tsiku limodzi. Lamulungu telala anayenda bwino ulendo wake wonse, mmisiri atafika pamlatho chibwibwi chija n'kuyambiranso.

Anaimbira foni Yankho. Mwanayo anati kompyuta yakalamba, aipeputsire katundu, n'kumawalondolera bambo ake podina. Mmisiri anachotsa mithunzi. Anachotsa utsi wa matayala. Anachotsa mitambo, anthu oonerera m'mbali mwa msewu, udzu, mbalame. Dziko la m'gemu linatsala lometedwa mpala, galimoto n'kumaoneka ngati sopo wochapira. Zinathandiza, sindikana. Lamulungu limenelo chibwibwi sichinayambire pamlatho. Chinadikira awoloke.

Wina wodzagula bokosi anamuuza kuti ndi vairasi. Wina anati ndi kiyibodi, mmisiri n'kupeza kiyibodi ina. Wina anati magetsi amachepa mphamvu Lamulungu chifukwa matchalitchi onse amakhala atayatsa zokuzira mawu. Ichi chinamukomera mmisiri. Lamulungu lotsatira anazimitsa wailesi, anazimitsa babu la m'bafa, anazimitsa ndi firiji yomwe. Mafirizesi amene mkazi wake ankagulitsa kwa ana a sukulu anasungunuka onse. Gemu inachitabe chibwibwi, ndipo mlungu umenewo mmisiri anatsuka makapu ndi mapoto omwe.

Ndiye anaganiza zopita kwa odziwa. Mumsika munali mayi wina wokonza makompyuta, satifiketi ili pakhoma m'galasi, wodzimva kuti amatha. Mmisiri sakanalola bokosi la mlombwa likandike panjinga. Anamasula masikuluwu khumi ndi awiri aja, anatulutsa kompyuta, anaikulunga m'chitenje n'kuimanga pakaliyala. Bokosi linatsala kunyumba.

Mayi uja anaiika kompyuta patebulo lake, pafupi ndi zenera lotsekula. Anaipemerera fumbi, anasaka vairasi, anaifufuta gemu n'kuiikamonso. Anaikanso kanambala pakona pa sikirini kosonyeza zithunzi zotuluka pa sekondi. "Kakakhala pa 60, zili bwino," anamuuza. "Kakatsika, ndiye vuto." Mmisiri anayendetsa galimoto mumsika momwemo maola awiri, ogulitsa tomato ataunjikana pazenera. Kanambala sikanasunthe. Anaphwanya nthawi ya mlamu wake kasanu, kungoti mlamuyo panalibe.

Anabwerera kunyumba akuimba mluzu. Anaigoneka kompyuta pa nsalu yake yoyera, anatseka mpata wa mawaya ndi thonje, anamanga masikuluwu. Lamulungu telala anayenda kanambala kali pa 60. Mmisiri atakhala pampando kanayamba kutsika. 40, 25, pamlatho 11.

Anapita kwa mayi uja kachiwiri. Zomwezo. Kachitatu, zomwezo. Ulendo wachitatuwo mayiyo anali atatopa naye, ndipo ananena mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira ndimachita manyazi. Anati, "Bambo, makinawa alibe vuto. Mwina ndi zala zanu, zaka zapita." Sanamufunse kuti kunyumba kompyutayo imakhala pati. Sanamufunse kuti vutolo lisanayambe anasintha chiyani. Anangomutsekulira chitseko.

Mmisiri anakankha njinga osaikwera, akuganiza. Ndipo musamuyese chitsiru, chifukwa anaganiza mwadongosolo kuposa ena a inu pa mayeso. Anati, mumsika imayenda bwino, ndipo mumsika mulibe alamu. Pakati pa mlungu imayenda bwino, ndipo pakati pa mlungu kulibe alamu. Lamulungu imayenda bwino m'manja mwa alamu, n'kudwala akangochotsa manja awo. Anaima pakati pa msewu.

Kuyambira pamenepo anayamba kumuyang'anitsitsa mlamu wake, ndipo woyang'anitsitsa sasowa choona. Anaona kuti telala asanayambe kuyendetsa amapukuta manja pathalauza katatu. Anaona kuti m'thumba la malaya mumakhala kachoko, ngakhale telala aliyense amayenda ndi choko. Anaona kuti akamadzuka pampando amasisita bokosi n'kunena kuti, "Pitirizani kugona, malemu." Kale mmisiri akanaseka mpaka kutsokomola. Tsopano ankangoti, "Mmm."

Telala anaona kuti mlamu wake wasintha. Anayesa kuti ndi makapu. Lamulungu lina ananena mokoma mtima, "Alamu, lero yambani ndinu."

Abale anga, pamenepo mpamene yankho linagogoda pachitseko. Akanangovomera, akanayenda bwino iye, chibwibwi n'kugwera telala, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mmisiri anati mumtima mwake, taonani, akufuna kundisokoneza kuti ndisawagwire. Pakamwa anati, "Pakhomo pano mlendo ndiye amayamba." Ndipo anatsukanso makapu.

Miyezi itatu inatha choncho. Nthabwala ya thalauza inasiya kunenedwa. Tiyi ankamwa mwakachetechete. Tsiku lina mmisiri anamuuza mkazi wake zimene zinali mumtima mwake, kuti telala anakhwima, ndipo anaika kanthu m'bokosi.

Mkaziyo anasiya kusesa. "Achimwene akhwime chifukwa cha makapu?"

"Anthu amakhwimira zochepa kuposa pamenepo."

"Bambo a Yankho, ndimvereni. Firiji ndinakukhululukirani. Koma achimwene aja ndi amene anandilera mayi atamwalira. Mukawanenera mawu amenewo pamaso, sadzapondanso pakhomo pano, ngakhale pa maliro anu. Ndipo ine sindikudziwa kuti ndidzakhala mbali iti."

Mmisiri anamva. Zinamuwawa, chifukwa mlamu wakeyo ankamukonda, ndipo kumuganizira zoipa kunkamudwalitsa kuposa kugonja. Koma anati choonadi chioneke. Anakaitana mkulu wa mpingo kuti adzakhale mboni.

Lamulungu linafika, dzuwa likuswa mtengo. Mkulu wa mpingo anakhala pakona, Baibulo lili pamwendo, osadziwa bwinobwino chimene amuitanira. Telala anapukuta manja katatu, anayenda ulendo wake, anasisita bokosi. Mmisiri anakhala pampando. Mapiri anadutsa. Pamlatho kanambala kanagwa pa 11, galimoto n'kuyamba kudumpha. Anaisiya pomwepo, pakati pa mlatho, gemu ili chiyakire, n'kuimirira.

"Akulu a mpingo, mwaona ndi maso anu. M'bokosi umu mwaikidwa chinthu. Ndipo woikayo ali m'nyumba muno."

Telala anayang'ana mlamu wake, anayang'ana mlongo wake amene anali ataima pakhomo la kukhitchini. Sanakalipe. Anadzuka pang'onopang'ono, anatenga chipewa chake n'kulunjika kuchitseko. Maso ake anali atafiira.

"Musachoke," anatero mmisiri. "Muone chimene nditulutse."

Za masikuluwu analibe nazo nthawi. Anatenga nyundo ndi tchizulo, n'kulowetsa tchizulo polumikizira paja pamene lezala linkakana. Anamenya kamodzi, kawiri. Mlombwa unalira. Kachitatu thabwa lonse lakumbuyo linakanganuka n'kugwa pansi.

Mpweya umene unatuluka mmenemo unamuomba kumaso ngati watsekula uvuni wa mabanzi. Ndipo panamveka phokoso limene thonje linkabisa miyezi yonseyi, fani ya kompyuta ikulira ngati ikuitana anthu. Mmisiri sanasamale. Anapisa dzanja kuti agwire chithumwa, n'kugwira chitsulo cha thunthu.

"Mayo ine!"

Anavina kuzungulira tebulo zala zili m'kamwa. Mkulu wa mpingo, poyesa kuti chinthu chija chaluma, anakwera pampando n'kuyamba pemphero. Mmisiri anakulunga dzanja m'malaya n'kubwerera. Anasolola thonje lonse. Anang'amba nsalu yoyera ija, imene kumbuyo kwa fani inali itasanduka yofiirira. Anafufuza mopinda monse, m'makona monse, anasuzumira ndi kunsi. Thukuta linkagwera pa vanishi. Anafufuza nthawi yaitali, chifukwa ankaopa kusiya.

Amene anayamba kuona anali mkulu wa mpingo, poti anali pamwamba. Anadula pemphero n'kuloza sikirini. "Kodi kanambala aka kakuyenera kumakwera?"

Onse anatembenuka. 20. 34. 50. Kulira kwa fani kunayamba kutsika. Kanambala kanafika pa 60 n'kukhazikika, ndipo galimoto inali chiimire pamlatho, yokonzeka, ngati sinalakwepo.

Mmisiri anayang'ana sikirini, anayang'ana thabwa limene linali pansi, anayang'ana zala zake zotupa. Anali mmisiri, sanafunikire womufotokozera. Zaka makumi atatu ankakhomera mabokosi anthu amene anasiya kufuna mpweya. Aka kanali koyamba kukhomera chinthu choufuna. Mphindi makumi awiri zoyamba, za mlendo, kompyuta inkapirira. Zotsatira, za mwini nyumba, inkakhala itapsa, n'kumadzichepetsera yokha liwiro kuti isafe.

Telala anali chiimire pachitseko, chipewa chili m'manja. Anafunsa motsitsa mawu, "Mwapeza chiyani, alamu?"

Mmisiri anayang'ana zimene zinali mbwee pasimenti. "Ndapeza thonje langa. Nsalu yanga. Ndi matabwa anga."

"Ndiye simunaname," anatero mkazi wake. "Woikayo alidi m'nyumba muno."

Palibe anaseka, ngakhale mkulu wa mpingo anavutika kwambiri kudzigwira. Mmisiri anatuluka panja. Anamva manyazi oti akanakonda kulowa m'limodzi la mabokosi ake n'kudzitsekera. Koma anabwerera, atanyamula chobowolera chachikulu. Anatulutsa kompyuta, anaiika patebulo, n'kugwada pambali pa bokosi lokongola kuposa onse amene anakhomapo. Anayesa kubowola, bokosi n'kumaterereka pasimenti. Dzanja limodzi linali lopsa. Yekha sakanatha.

Anakweza maso. "Alamu, ndinakuganizirani zoipa miyezi itatu, inu mukumwa tiyi wanga ndi mtima woyera. Ndalakwa. Ndigwirireni bokosili."

Telala anatembenuza chipewa m'manja. Mlongo wake sanamuchonderere, mkulu wa mpingo sanatsekule Baibulo. Kenako telala anakoleka chipewa pamsomali wake wa masiku onse, anapinda manja a malaya, anagwada n'kugwira zogwirira zagolide zija.

"Bowolani aakulu," anatero. "Malemu apsa mokwanira."

Anabowola mabowo makumi anayi, m'mbali, pamwamba ndi kutsogolo. Thabwa lakumbuyo sanalibwezerenso. Atamaliza anabwezeretsa mithunzi, mitambo, udzu ndi anthu oonerera, kanambala kali pa 60 osagwedezeka. Telala anati lero mwini nyumba ayambe, ndipo kwa nthawi yoyamba mmisiri sanatchule za malemu bambo ake. Anayenda ulendo wabwino, wopanda chibwibwi ngakhale pamlatho. Telala anakhala pampando pambuyo pake, anapukuta manja katatu, n'kuiphwanya nthawiyo ndi masekondi asanu ndi anayi. Miyezi itatu ija munthuyo ankaphunzira kukhota, mnzake ali kalikiliki kusaka mfiti.

Mmisiri anatenga beseni yekha, osauzidwa. Telala anatenga kansalu n'kukhala pambali pake kumapukuta.

Tsono inu, amene mawa mukulandira masatifiketi n'kukatsekula timashopu tanu. Mayi wa mumsika uja mukumudziwa. Ndi yemweyu wakhala akukukalipirani miyezi isanu ndi umodzi. Bambo aja anabwera kwa ine kachinayi, bokosi lobowokabowoka lili panjinga, kudzandionetsa zala zawo zimene ndinazinena kuti zakalamba. Maulendo atatu ndinawabweza, ndipo banja la eni ake linatsala pang'ono kupasuka chifukwa ndinachita ulesi kufunsa funso limodzi la mawu anayi: kodi kunyumba imakhala pati?

Munthu akakubweretserani makina oti patebulo panu akuyenda bwino, musamuseke. Tsekani shopu mukaone kumene amakhala, ndipo mufunse chimene chinasintha vuto lisanayambe. Koma chachikulu si cha makina. Tsiku lina zinthu zidzayamba chibwibwi kwa inuyo, pantchito kapena m'nyumba, ndipo mudzawerenga bwinobwino n'kupeza kuti zimachitika nthawi zonse pamene wakutiwakuti alipo. Musanatsekule pakamwa, tengani tchizulo. Yambani ndi chimene munakhoma nokha, chija mumaonetsa alendo, chija simunachikayikirepo chifukwa lezala linakana. Thabwa mukalikanganula molakwa mudzalikhomanso mawa. Koma si mlamu aliyense amene adzakoleke chipewa n'kukugwirirani bokosi.